Mwana ayambe waphunzira kugwa asanaphunzire kugwetsa mnzake

Tsiku lotsekera sukulu, belu lomaliza likangolira, pali ana amene salunjika kwawo. Amapatukira kuseri kwa makalasi kapena kumunsi kwa bwalo la mpira, anzawo n'kuwazungulira, awiri n'kuponya makope pansi. Amati kutsekerana. Ndewu yake sikhalitsa. Wina amagwira mnzake m'kolala, kumukankhira m'mbuyo, mwendo n'kuupinga kuseri kwa mwendo wa mnzakeyo, basi ndale yakola. Wogwayo amagwa chagada manja ali m'malere, ndipo chimene chimayamba kufika panthaka youma gwa ndi nkhongo. Anzake amakuwa, iye amadzuka, kusasa fumbi, kutola makope, ulendo wa kunyumba. Palibe womufunsa ngati akumva chizungulire.

Nkhani yophunzitsa ana masewera omenyana ndi ogwetsana ikabuka, makolo ndi aphunzitsi ena amayankha ngati kuti anawo sadziwa kanthu, ndipo sukulu ndiyo ikufuna kuwalozera njira ya ndewu. Chonsecho anawo aphunzitsi ali nawo kale. Ali ndi mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa amene amaonera pamsika. Ali ndi kugwetsana kwa WWE, kumene ambiri sadziwa kuti n'kokonzeratu, kochitidwa ndi akatswiri pabwalo lomangidwa dala kuti lizilandira thupi la munthu. Aphunzitsi amenewa amaonetsa theche ndi chibakera, koma saonetsa kagwedwe, saonetsa polekezera.

Maganizo anga ndi akuti masewerawa alowe m'sukulu, koma makomo olowera akhale awiri. M'kalasi ana amve za onse, ngakhale oopsa omwe. Pabwalo achite okhawo amene salira kumenya mutu wa munthu, ndipo masabata oyamba onse athere pa kuphunzira kugwa. Sukulu imene ilibe munthu wodziwa kuphunzitsa kugwa ilekezere m'kalasi momwemo.

Za m'kalasi sizilira ndalama. Mapu ndi choko n'zokwanira. Chimene chimaononga phunziroli ndi kulisandutsa mndandanda woloweza: judo ku Japan, taekwondo ku Korea, muay thai ku Thailand. Mwana aloweza, alemba mayeso, aiwala. Chothandiza ndi kufunsa mafunso omwewomwewo pa masewera alionse. Amaloledwa kulowa m'bwalo ndani? Choletsedwa n'chiyani? Kulimbanako kumatha bwanji, nanga wogonja amamutani? Mayankho ake ndi amene amaonetsa mtima wa eni masewerawo.

Ku Mongolia, pa chikondwerero cha Naadam m'mwezi wa July, amuna 512 amagwetsana popanda kuwagawa malinga ndi kulemera kwa matupi, ndipo amene bondo, chigongono kapena msana wake wakhudza pansi ndiye kuti zake zathera pomwepo. Ku Switzerland, m'masewera otchedwa schwingen, amagwirana makabudula olimba ali pabwalo la utuchi, ndipo wopambana asanachoke amayamba wasasa utuchi kumsana kwa amene wamugwetsayo. Ku Senegal kuli laamb, amene amadzaza masitediyamu a ku Dakar, ng'oma zikulira, amayi akuimba, wolimbana aliyense akudzitama ndi ndakatulo yake asanalowe mumchenga. Ahausa a kumpoto kwa Nigeria ali ndi dambe, nkhonya za dzanja limodzi lokulungidwa nsalu ndi chingwe, limene amalitcha mkondo, linalo n'kukhala chishango; kale anali masewera a opha nyama oyendayenda m'midzi nthawi yokolola. Ku Egypt, m'manda a ku Beni Hasan, muli zithunzi mazanamazana za anthu ogwetsana zojambulidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, ndipo magwiridwe ake ndi omwewa amene timawaona lero. Mwana akayala zonsezi pamodzi amazindikira yekha kuti mtundu uliwonse unatenga ndewu n'kuimangira mpanda, ndipo kuti mpandawo ndiwo unabala masewera.

Capoeira wa ku Brazil ndi woyenera kukhalapo nthawi yaitaliko, chifukwa mbiri yake imafika mpaka kwathu kuno. Anamuyambitsa ndi Aafirika amene anatengedwa ukapolo pamodzi ndi zidzukulu zawo, ambiri ochokera ku Angola ndi ku Congo, ndipo m'zaka za m'ma 1800 zombo zina zinkanyamulanso anthu pa madoko a Quelimane ndi Ilha de Moçambique, kumene kunkafika akapolo ochokera kuchigwa cha Zambezi ndi madera ozungulira nyanja yathu. Brazil inathetsa ukapolo mu 1888, koma mu 1890 malamulo atsopano anaika capoeira m'gulu la milandu, moti wopezeka akusewera ankamangidwa. Zinthu zinasintha pamene Mestre Bimba anatsekula sukulu yake ku Salvador mu 1932, boma n'kuivomereza mu 1937. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba bwalo la capoeira m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. M'nkhani imodziyi muli ukapolo, muli lamulo lolimbana ndi chikhalidwe cha anthu osauka, muli nyimbo, muli mapu a nyanja ziwiri. Ndipo mwana wa kuno akaona bwalo lake, anthu atazungulira akuwomba m'manja, wina akutsogolera nyimbo ena akuvomera, awiri ali pakati, safuna womumasulira.

Zakwathu zisatsale. Angoni amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 anabwera ndi chishango ndi chibonga zimene timaziona mu ingoma, ndipo kumene anachokerako anyamata a kubusa amaphunzirabe kumenyana ndi ndodo ziwiri, ina yotchingira ina yomenyera, pansi pa lamulo lakuti wagwa samenyedwa. Ngakhale mawu akuti ndale, amene lero timatchulira za maboma ndi zipani, kwawo kwenikweni ndi pabwalo logwetsanirana. Ntchito yabwino yokachita kunyumba ndi kutuma ana kwa agogo awo aamuna kukafunsa malamulo a kugwetsana kwa kudambo: ankaletsa chiyani, ankaleretsa ndani, wogonja ankamutani.

Pabwalo ndiye pamene pali nkhani yaikulu, ndipo dziko loti tiphunzireko ndi Japan, chifukwa linachita bwino komanso linalakwitsa, zonse pamaso pa anthu.

Jigoro Kano, amene anayambitsa judo mu 1882 ku Tokyo, anali mphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri anali mkulu wa sukulu yosula aphunzitsi. Anatenga jujutsu, luso lakale lomenyerana la ku Japan, n'kupatula njira zobaya maso, zomenya ndi zina zoti sizingayesedwe pa mnzako mwamphamvu, kuti zotsalazo anthu azilimbana nazo ndi mtima wonse koma mawa n'kudzukanso bwinobwino. Ku Okinawa, Anko Itosu anachita zofananazo ndi karate kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pokonza magulu asanu a mayendedwe otchedwa pinan kuti agwirizane ndi ana a sukulu. Amuna awiriwa anadziwa kuti chimene msilikali amaphunzira sungachitule chonchobe pa mwana wa zaka 12.

Koma ngakhale judo wosefedwayo anapha ana. Ryo Uchida wa ku Nagoya University atafufuza m'mabuku a ngozi za m'sukulu anapeza kuti kuchokera mu 1983 kufika mu 2011, ophunzira 118 anamwalira chifukwa cha judo wa kusukulu. Nkhaniyi inagwedeza dziko chifukwa inatuluka pa nthawi imene boma linkakonzeka kulamula kuti kuyambira mu 2012 mwana aliyense wa kusekondale ya m'munsi aziphunzira amodzi mwa masewera a makolo monga judo, kendo kapena sumo. Ambiri mwa omwalirawo anali a chaka choyamba, ongoyamba kumene, ndipo ngozi zinkachuluka m'miyezi yoyambirira ya chaka cha sukulu, makamaka m'makalabu a masana kumene oyamba ankalimbanitsidwa ndi akuluakulu. Chopha chachikulu chinali magazi okhetsekera m'kati mwa chigaza, ndipo njira yogwetsera imene inkatchulidwa kawirikawiri ndi osoto-gari. Osoto-gari ndi ndale yomwe ija ya kuseri kwa makalasi: kukankha pachifuwa, kusesa mwendo cham'mbuyo, munthu n'kugwa chagada.

Mmene zimachitikira m'mutumo mphunzitsi aliyense ayenera kudziwa. Ubongo sunamatirire kuchigaza. Uli m'timadzi, ndipo pali timitsempha ta magazi tolumikiza ubongowo ndi chikopa cholimba chimene chayalidwa m'kati mwa chigaza. Mutu ukakwapulidwira m'mbuyo mwaliwiro n'kuima mwadzidzidzi, chigaza chimaima koma ubongo umapitirirabe pang'ono, timitsempha tija n'kuduka. Izi zimatheka ngakhale pansi pali pofewa, ngakhale pasaoneke chotupa kapena bala. Magazi amadzadza pang'onopang'ono, mwana n'kumayenda ndi kulankhula kwa mphindi kapena maola angapo, kenaka mutu kuwawa, kusanza, kusinza, kukomoka. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo mwana amene anagunda mutu masiku apitawo, mutu ukumuwawabe, akagundanso kachiwiri ngakhale pang'ono, ngozi yake imakula koposa.

Japan inakonza zinthu. Bungwe la judo la dzikolo linakhazikitsa ziphaso za aphunzitsi mu 2013, linalangiza kuti ongoyamba asamagwetsedwe ndi osoto-gari m'miyezi yoyamba, ndipo mu 2022 linathetsa mpikisano wa dziko lonse wa ana a kupulayimale payekhapayekha, poona kuti akuluakulu ankaika mtima pa kupambana kuposa pa ana. France, kumene judo ali ndi anthu ochuluka zedi, inakhazikitsa lamulo kalekale mu 1955 lakuti wophunzitsa judo molipidwa akhale ndi chiphaso cha boma. Lamba wakuda amangochitira umboni kuti munthu amatha kugwetsa anzake. Sanena kanthu za luso losunga ana 60 amoyo ndi athanzi kwa mphindi 40.

Kugwa, kumene a judo amati ukemi, mwana amakuyamba ali chigonere. Agone chagada mawondo atapinda, adzutse mutu mpaka chibwano chifike pachifuwa, maso ali pamchombo. Awombe pansi ndi manja onse awiri nthawi imodzi, zikhatho zitayang'ana pansi, mkono wonse ufike limodzi. Mikonoyo isatambasuke ngati mtanda, isaphatikenso kunthiti. Ikhale pakatikati, pafupifupi madigiri 40 kuchoka kuthupi, ndipo ikangomenya ibwerere msanga ngati yakhudza chiwaya chamoto. Mpweya autulutse pomenyapo. Akatha izi ayambe kugwa ali chikhalire, kenaka atanyonyomala, pomaliza ataimirira, ndipo pogwa ayambe wakhalira pafupi ndi zidendene kuti msana ugudubuke ngati uta, osati kugwa ngati thabwa. Lamulo lokwerera gawo lina likhale limodzi: kugwa kakhumi motsatizana nkhongo osakhudza pansi. Walephera kachisanu ndi chitatu ayambirenso. Kugwa cham'mbali ndi kugudubukira kutsogolo paphewa kumatsata makwerero omwewo, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere mofanana.

Zolakwika zake zimadziwika ndipo zimabwerezeka pa ana onse. Choyamba ndi kutsogoza dzanja kuti litchinge pansi, chimene thupi limachita lokha chifukwa cha mantha. Zotsatira zake ndi kuthyoka kwa mkono pafupi ndi chikhatho kapena kuguluka kwa chigongono. China ndi kufikira chigongono m'malo mwa mkono wonse. China ndi kugwera pansonga ya phewa pogudubuka, kumene kumathyola kafupa kochokera pakhosi kupita kuphewa. Choopsa kuposa zonse ndi khosi lofooka limene limasiya mutu kukwapukira m'mbuyo, ndipo ichi sichitha ndi kukalipira. Chimatha ndi kulimbitsa khosi tsiku lililonse: kugona chagada, kudzutsa mutu, kuugwira m'malere masekondi 10, kasanu, kenaka chimodzimodzi chafufumimba ndi cham'mbali. Mwana wotopa khosi lake limayamba kugonja iye asanadziwe, choncho zogwetsana zizichitika pakati pa phunziro, osati kumapeto.

Masabata asanu ndi atatu oyamba, pophunzira kawiri pasabata, akhale a kugwa ndi masewera a pansi okhaokha: awiri kukhala motsamirana misana, wezulo ikalira atembenuke, wina ayese kugoneka mnzake chagada n'kumugwira masekondi 10. Ana amakonda zimenezi kwambiri, amatuluka thukuta, ndipo palibe amene amagwa kuchokera pamwamba. Akatero ayambe kugwetsana wogwayo atagwada, kenaka ataimirira koma ndi njira zogwetsera cham'mbali. Wogwetsa aphunzire ntchito yake: asagwere pa mnzake, ndipo asataye mkono umene wagwira, aukokere m'mwamba kuti mutu wa mnzakeyo usafike pansi. Ndale ya cham'mbuyo idikire chaka chachiwiri. Kukanyanga pakhosi ndi kupinda mfundo za mikono kusapezeke n'komwe kupulayimale. Mawu oimitsa masewera akhale amodzi odziwika kwa onse, ndipo mwana akamenya pansi kapena pathupi la mnzake kawiri ndi chikhatho, mnzakeyo asiye pompo. Wosamvera lamulo limeneli atuluke m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale akhale waluso chotani.

Powaphatikiza awiriawiri, kalasi imodzi si muyeso. M'Sitandade 6 mumapezeka wa zaka 11 ndi wa zaka 16. Ayezedwe pasikelo, ndipo kwa ana a kupulayimale kusiyana kusapitirire makilogalamu anayi kapena asanu. Sikeloyo ikhale yophatikizira basi. Mwana asauzidwe kuti achepetse thupi kuti alowe gulu lina. Ku America mu 1997 anyamata atatu a m'makoleji anamwalira m'masabata ochepa okha chifukwa chodziumitsa madzi m'thupi kuti akwane pasikelo ya mpikisano wogwetsana. Kuno teremu yoyamba imakumana ndi dzuwa la October ndi November, nthawi yomwe anawo ndi ongoyamba, choncho phunziro likhale m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndowa ya madzi akumwa ili pambali.

Funso la pogwera lili ndi yankho lotheka. Matiresi a judo enieni, a mita imodzi m'lifupi, mamita awiri m'litali ndi masentimita anayi kapena asanu kuchindikala, ndi odula. Matiresi ogonera si mlowam'malo: phazi limamira, thupi likatembenuka bondo n'kupotoka, ndipo zala zimakodwa m'mipata. Simenti yoyalapo mphasa ndiye isayesedwe n'komwe. Njira ya ku Switzerland ija ndiyo yotikwana. Kumbani dzenje la mamita 6 mbali zonse, lakuya masentimita 30, pamalo okwera, ndi ngalande mozungulira. Limalowa utuchi kapena mankhusu a mpunga pafupifupi matumba 160 a saizi ya thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo sungani ena 30 kapena 40 owonjezera ukaphwera. Utuchiwo usefedwe kuchotsa misomali ndi tizipatsu, ndipo usachokere ku matabwa othiridwa mankhwala. Uwazeni madzi pang'ono kuti usabuke fumbi, upondeni, kenaka yalani lona pamwamba, mokoka kwambiri, zikhomo zili kunja kwa dzenje ndipo zitakwiriridwa. Lona wakhwinya amathyola zala za kuphazi. Pakati ndi pamene pamalimba msanga, choncho sabata iliyonse lona achotsedwe, utuchi utembenuzidwe ndi khasu, muone ngati mwalowa chiswe, nkhungu kapena zinkhanira. Kuyesa kwake n'kwapafupi: munthu wamkulu adzigwetse pamawondo kuchokera choimirira, akamva kuwawa, ana asalowepo.

Pabwalo lotere pamakwana magulu anayi a awiriawiri pa masewera a pansi, ndi awiri okha pa kugwetsana koimirira, chifukwa ngozi zambiri zimabwera gulu lina likagwera pa linzake. Nanga ana ena onse otsalawo? Apa ndi pamene capoeira ndi karate amathandiza. Ena apange bwalo lowomba m'manja, awiri ali pakati akuchita kayendedwe ka ginga ndi kuzinda, popanda kukhudzana. Ena aime m'mizere motalikirana mamita awiri n'kumachita mayendedwe a karate kapena taekwondo omenya mphepo. Pamenepo chofunika kuyang'anira ndi chigongono ndi bondo: zisawongoke mpaka kulira, zitsale zopindika pang'ono. Zoswa njerwa ndi zomenya khoma kuti zibakera zilimbe ziletsedwe, chifukwa mafupa a m'manja mwa mwana akadakula ndipo malo okulirawo akavulala chala chikhoza kupindika mpaka kalekale.

Ukhondo ndi wosavuta koma ukalekereredwa umabalalitsa kalabu. Zikhadabo ziwengedwe, ndolo, mikanda ndi malamba a zitsulo zivulidwe. Wa zipere kapena mphere adikire mpaka atachira, popeza pamasewera okhudzana khungu zimafala m'masiku ochepa. Magazi akaoneka masewera aime, bala limangidwe, wopukuta avale magolovesi, ndipo lona atsukidwe ndi Jik wosungunula, kapu imodzi ku makapu asanu ndi limodzi a madzi. Makolo a ana a khunyu, mphumu kapena vuto la mtima afunsidwe teremu isanayambe, ndipo achipatala anenepo.

Pa nkhonya ndikudziwa kuti ambiri sagwirizana nane. Adzati mendulo zimene Malawi anapata ku Commonwealth Games, ya 1970 ndi ziwiri za 1986, zonse zinabwera ndi ankhonya. Adzatchula Isaac Chilemba amene anafika polimbana ndi Sergey Kovalev mu 2016, adzatchula Anisha Basheel, ndipo a ku Zambia adzawonjezera Lottie Mwale, Esther Phiri ndi Catherine Phiri. Anthu amenewa ndi oyenera ulemu, ndipo mbiri zawo ziphunzitsidwe. Koma kalabu ya nkhonya munthu amalowa mwa kufuna kwake, pamene phunziro la kusukulu mwana salikana. M'nkhonya kumenya mutu ndicho cholinga, si ngozi. Golovesi imateteza dzanja la womenya, chipewa chimachepetsa mabala a kumaso, koma palibe chimene chimaletsa ubongo kugwedezeka m'chigaza. Mabungwe a madokotala a ana a ku America ndi ku Canada ananena poyera mu 2011 kuti sakuvomereza nkhonya kwa ana ndi achinyamata. Ku Thailand mu November 2018 mnyamata wa zaka 13 anamwalira atagwetsedwa pa muay thai, dziko lonse n'kuyamba kukambirana za msinkhu woyambira. Mwana wa sukulu angathe kulumpha chingwe, kuphunzira kaimidwe ndi kayendedwe ka mapazi, kumenya thumba ndi mapadi, ngakhale kupikisana pokhudzana mapewa ndi chikhatho. Zonsezi ndi nkhonya ndithu, ndipo amene ali ndi mphatso adzaoneka. Kumenyana kumutu kudikire msinkhu, kalabu yovomerezeka ndi dokotala pambali pa bwalo. Mateche a kumutu a taekwondo nawonso chimodzimodzi.

Dandaulo lakuti masewerawa amakulitsa nkhanza si lopanda pake, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Ku Norway, Inger Endresen ndi Dan Olweus anatsatira anyamata mazana angapo kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2005 anafalitsa zoti amene ankachita nkhonya, kugwetsana ndi kunyamula zitsulo anawonjezera khalidwe la ndewu kunja kwa masewera. Koma mu 1986 Michael Trulson ku Texas anagawa anyamata ovuta m'magulu: amene anaphunzira taekwondo pamodzi ndi mwambo wake, ulemu ndi kudziletsa, ukali wawo unatsika, pamene amene anangophunzitsidwa kumenya anaipiraipira. Kafukufuku wachiwiriyu anali wa anyamata ochepa, komabe akaikidwa pamodzi ndi woyambayo akuloza kumodzi: chimene mwana amatengera ndi khalidwe la mphunzitsi ndi la gulu. Mphunzitsi wotukwana, wolanga ndi mateche, woseka wogonja, adzatulutsa ana otero. N'chifukwa chake mwambo woyambira ndi womalizira si chokongoletsera. Ana alonjerane asanagwirane, wogwetsa adzutse mnzake, onse asese bwalo limodzi, ndipo amene wamveka kuti wamenya wina kunja akhale pambali masabata awiri akuonerera anzake.

Makolo ena amakayikira kuwerama, poganiza kuti ndi kupembedza. Ayankhidwe zoona. Mchere umene a sumo amawaza m'bwalo umachokeradi m'chipembedzo cha Shinto, gule wa wai khru wa muay thai ali ndi mizu m'chikhulupiriro cha ku Thailand, ndipo olimbana a ku Senegal amavala zithumwa poyera. Izi ana azimve m'kalasi monga amamvera za miyambo ina, popanda kuzichita. Kuweramirana kwa judo ndi ulemu kwa mnzako amene wakubwereka thupi lake kuti uphunzirirepo, ndipo banja likakanabe, kugwirana chanza kapena kuwomba m'manja mwaulemu kumagwira ntchito yomweyo.

Atsikana asasiyidwe pamthunzi akusunga zikwama. Keiko Fukuda, wophunzira wa Kano, anaphunzitsa judo mpaka pafupi ndi imfa yake mu 2013 ali ndi zaka 99, ndipo Isabelle Sambou wa ku Casamance, kumene atsikana achijola amagwetsana mwamwambo, anaimira Senegal ku Olympics ya 2012 ndi ya 2016. Koma masewera ogwirana thupi amafuna mpanda wolimba: atsikana aziphatikizidwa okhaokha, pabwalo pazikhala mphunzitsi wamkazi nthawi zonse, mphunzitsi wamwamuna asasonyezere njira pathupi la mtsikana, ndipo pasakhale zoti wina atsalire yekha kuti aphunzire zoonjezera.

Sukulu yofuna kuyamba ipite kaye ku bungwe la judo, karate kapena taekwondo lolembetsedwa ku Malawi National Council of Sports, osati kwa mnyamata wa m'mudzi wodziwika ndi mateche. Wobwerayo afunsidwe chiphaso chophunzitsira ndi cha chithandizo choyamba, ndipo ahedi amuone akuphunzitsa kugwa asanamupatse ana. Afunsidwenso chimene angachite mwana akagunda mutu, ndipo yankho lake lisasiyane ndi ili. Mwanayo atuluke pompo, asabwererenso tsiku limenelo ngakhale alumbire kuti ali bwino. Afunsidwe kumene ali, tsiku lake, ndi amene amasewera naye. Asasiyidwe yekha, asapite kwawo yekha, ndipo kholo liuzidwe pamaso kapena pakalata kuti limuyang'anire usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Akakomoka ngakhale kamphindi, akasanza, mutu ukamawawirawawira, akamasinza modabwitsa, akamalankhula zosamveka, akayamba kugwedezeka thupi ngati wa khunyu, kapena kadontho kakuda ka pakati pa diso limodzi kakakula mosiyana ndi ka diso linzake, ulendo wa kuchipatala ndi wa nthawi yomweyo, ndipo achipatala auzidwe mosabisa kuti wagunda mutu, popeza opaleshoni yake imapezeka kuzipatala zazikulu zokha ndipo angafunike kutumizidwa. Akamadandaula khosi kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo asadzutsidwe, asakwezedwe pa kabaza. Wina agwire mutu kuti usagwedezeke, amunyamule pachitseko anthu anayi kapena asanu, thupi lonse lili chiwongokere. Wogwedezeka ubongo asagwirane ndi mnzake mpaka atakhala masabata awiri opanda chizindikiro chilichonse, ndipo asalowe mpikisano masiku 21 asanakwane, monga malangizo a masewera a m'madera ku Britain a 2023 akunenera. Nambala ya foni ya mwini galimoto wapafupi ndi ya chipatala zilembedwe pachikuto cha kaundula wa kalabu, ndipo dzina la mwana aliyense wogunda mutu lilembedwe m'katimo pamodzi ndi tsiku lake.